Ndithandizeni: chimbale choyamba cha Interpol chandigwira mtima, ndipite kuti tsopano?

Abale anzanga okonda nyimbo, ndabwera ndi funso. Mwezi wathawu mnzanga wa kuntchito anandiikira pafoni chimbale choyamba cha Interpol, gulu la ku New York. Dzina lake ndi Turn On the Bright Lights, ndipo chinatuluka mu 2002 kudzera ku kampani ya Matador. Ine ndinakulira nyimbo zovinika, moti tsiku loyamba sindinafike nacho patali. Koma pano ndi chokhacho chimene ndimamvera ndikaweruka usiku, nditakhala kumpando wakumbuyo m'minibasi, mutu nditatsamiritsa pagalasi.

Chimene chandikola kwambiri ndi besi ya Carlos Dengler. Siyingotsatira ng'oma ayi, imayenda njira yakeyake. Magitala awiri aja amabwereza kachidutswa kamodzi kambirimbiri mpaka mtima kungoti zii. Mawu a Paul Banks ndi aakulu, osakwera kwenikweni, ngati a munthu amene walira mpaka misozi kuuma. Zambiri zimene amaimba sindimvetsa tanthauzo lake, komabe chisonicho chimandifika, ndipo chodabwitsa n'chakuti sichindilemetsa, chimandipepuza. Mchemwali wanga akuda nkhawa, akuti nyimbo zotere zimaonjezera maganizo. Kodi alipo wina amene zimamuchitikira ngati ine?

Funso langa lenileni ndi ili: chimbale chawo chachiwiri, Antics, cha 2004, chili ndi mdima womwewu kapena anasintha? Anthu ambiri amawafanizira ndi Joy Division ya ku Manchester. Ndiyambe kumeneko, kapena pali gulu lina limene mungandilozere? Chonde, amene mumazidziwa nyimbozi, ndiunikireni.