Traffic engineering ili ndi ntchito kapena ndingotsatira anzanga ku structures?

Wophunzira_Civil

Moni akuluakulu nonse. Ndili chaka chomaliza ku civil engineering ndiye atiuza kuti tisankhe mbali yochitamo pulojekiti, ine mtima wanga unagwa pa traffic engineering kuchokera tsiku lomwe alekichala anatituma kukawerenga magalimoto pamphambano ina ya maloboti, tinaima pamenepo kuyambira 6 koloko mpaka 9 koloko m'mawa ndipo ndinabwerako ndi funso lomwe mpaka pano silikundichoka, bwanji mbali imodzi mzere wafika kutali anthu akungoliza mahutala pomwe mbali inayo girini ikuyakira msewu wopanda galimoto ndi imodzi yomwe? Koma anzanga onse akuthamangira ku structures (zomanga nyumba ndi milatho) ndi geotech (za dothi ndi maziko), akuti uko ndiye kuli ntchito, za traffic ndidzangoyenda ndi envelopu m'maofesi mpaka nsapato kutha. Abale anga nawo ndikatchula akuganiza kuti ndikufuna kulowa upolisi wa pamsewu. Ndithandizeni inu amene muli m'kati, ntchito zake zimapezeka kuti, tsiku ndi tsiku mumachita chani kwenikweni, nanga masters ndi yofunikadi kapena digiri yoyamba imakwana?

Mkulu_wa_Maloboti

Mphwanga, funso lako lija la girini yoyakira msewu wopanda kanthu, ntchito yathu ndi imeneyotu. Ndikuonetse ndi manambala. Girini ikayaka, magalimoto amene anaima mu leni imodzi amadutsa pafupifupi imodzi pa masekondi awiri alionse, buku lotitsogolera la Highway Capacity Manual limayambira pa 1,900 pa ola girini itati iziyaka osazima. Tsono tiyerekeze kuti loboti yako imazungulira pa masekondi 90 ndipo mbali yodzaza ija imalandira 30 okha, ndiye kuti pa ola ingatulutse magalimoto 630 ndi kanthu basi. Akabwera 750, otsala oposa 100 aja apita kuti? Ndi mzere unauona uja. Chotsa masekondi 6 ku mbali yopanda magalimoto uwapatse awa, afika pa 760, mzere wayamba kusungunuka osathira ndi thumba limodzi lomwe la simenti. Ine tsiku loyamba kuona zimenezi zikuchitika ndi maso anga nditasintha ma timing ndinaima pamphambanopo mpaka dzuwa kulowa, mtima uli mbee.

Za ntchito, chimene chimasocheretsa ambiri ndi dzina. Ukamasaka yolembedwa kuti traffic engineer upeza zochepa, zimabisala m'maina ena, transport planner, highway engineer, road safety engineer, transport modeller, ena amati ITS engineer, wa zipangizo zamakompyuta zoyendetsera magalimoto pamsewu. Olemba ntchito ndi makampani a consulting, makhonsolo a mizinda, mabungwe a boma oyang'anira misewu, makampani oika maloboti ndi makamera, komanso mapulojekiti a ndalama za World Bank ndi mabanki ena achitukuko. Chimene chimadyetsa ma consultant ambiri ndi traffic impact assessment, munthu akafuna kumanga msika waukulu, chipatala, filling station kapena nyumba zambiri pamalo amodzi, m'maiko ambiri khonsolo sivomereza pulani popanda lipoti losonyeza kuti malowo adzabweretsa magalimoto angati, adzalowera pati, ndipo mphambano zapafupi zidzakwanitsa kapena ayi.

Zaka ziwiri zoyamba usayembekezere zapamwamba. Udzakhala ukuwerengetsa magalimoto pa mphindi 15 zilizonse, angati okhota kumanja angati olunjika, kuyeretsa manambala mu Excel, kuwalowetsa m'masofutiweya opimira mphambano monga SIDRA kapena Synchro, kuona ngati mphambano ili pa level of service A, pamene magalimoto sachedwa, kapena yagwa mpaka F, pamene athithikana, kujambula zikwangwani ndi mizere ya pamsewu mu AutoCAD. Ukamakula kompyuta imachepa misonkhano imachuluka, uyenera kufotokozera makhansala ndi eni mashopu chifukwa chimene mukutsekera kukhota kwina, ndipo aliyense amene ali ndi laisensi amadziona ngati akudziwa kuposa iwe, pamenepo pamafunika mtima wodekha ndi pakamwa pomveka.

Ntchitoyi si yatsopanonso ayi, ku America bungwe la mainjiniya ake linayamba mu 1930, pano limatchedwa Institute of Transportation Engineers, ndipo fomula ya Webster ya 1958 yowerengera kutalika kwa cycle, nthawi imene loboti imatenga kuzungulira kamodzi, tikuiphunzitsabe mpaka lero. Masters poyambira si yofunika. Gwira kaye ntchito, ulembetse ku bungwe la mainjiniya, ukadzaona kuti modelling, kuyerekezera kayendedwe ka magalimoto pakompyuta, yakukoka ndiye ukaipange uli ndi mafunso akoako.

Wa_Phula

Sindikutsutsa akulu koma tinenenso mbali inayo kuti mwanayu asadzatidandaule. Pa pulojekiti ya msewu timu imakhala ndi anthu angapo a pavement, a drainage, a milatho, oyeza malo, koma wa traffic nthawi zambiri amakhala m'modzi, mwinanso wobwereka kwa miyezi iwiri yokha. Ndipo chuma chikavuta anthu n'kusiya kumanga, malipoti a impact aja ndi amene amayamba kuuma. Ndiye aise, ngati ukulowa lowa ndi miyendo iwiri, traffic mbali ino geometric design, kujambula kaonekedwe ka msewu, mbali inayo, sofutiweya ya Civil 3D uidziwe bwinobwino kuti ukhoze kujambula raundabauti imene ukuinenayo osati kungoilemba mu lipoti. Zimagwirizana kale zinthuzi, ife a phula sitingapange kanthu popanda manambala anu, chifukwa kuchokera pa kafukufuku woyesa misewu wa AASHO Road Test wa kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 tikudziwa kuti ekiselo ikalemera kawiri imaononga msewu pafupifupi ka 16, ndiye wowerenga akaphonya malole msewu umaphwasuka nthawi isanakwane. Wodziwa zonse ziwiri sasowa pogwira.

Mayi_RoadSafety

Achimwene, ine ndikuuzeni za mbali imene anzangawa angoitchula podutsa. Bungwe la WHO mu lipoti la 2023 linati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pamisewu chaka chilichonse, ndipo kwa ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29 ngozi za pamsewu ndi zimene zikupha kuposa china chilichonse. Oposa theka la omwalirawo ndi oyenda pansi, apanjinga ndi a njinga zamoto. Chifukwa cha ichi road safety audit, kufufuza pulani kapena msewu kuti tione pamene pangachitike ngozi, ikufunidwa pa mapulojekiti ambiri akuluakulu makamaka a ndalama za mabanki achitukuko, ndipo odziwa kuichita, kapena kupima chitetezo cha misewu n'kuipatsa nyenyezi mwa njira ya bungwe la iRAP, si ambiri. Sweden mu 1997 inavomereza Vision Zero, mfundo yake ndi yoti munthu amalakwitsa ndithu ndiye msewu umangidwe moti akalakwitsa asafe, ndipo ntchito yanga yonse yatsamira pamenepo.

Audit yanga yoyamba sindidzaiiwala. Pa pulani zonse zinali bwino, malo owolokera anajambulidwa mwaukhondo pafupi ndi mphambano. Titafika pamalopo nthawi yoweruka ana asukulu ndinaona kanjira kofiira kopondedwa mpaka udzu kutha, kakutulukira pamsewu mamita pafupifupi 200 kuchokera pa zebra uja, pamene mabasi amaimira. Tiana tating'ono titagwirana manja tikudikira mpata, kamodzi kathamanga kena kabwerera pakati pamsewu. Palibe sofutiweya imene ikanandionetsa kanjira kameneko. Tinalemba kuti powolokera pasunthidwe papite pamene anthu akuwolokera kale, pakhale kachilumba pakati ndi hampu, ndipo anasintha.

Pa mphambano wamba ya misewu inayi pali malo 32 amene magalimoto angagundane, pa raundabauti ya leni imodzi amatsala 8, ndiye muone kuti chisankho cha pensulo yanu chimafika pa moyo wa munthu. Koma ndikuchenjezeni chinthu chimodzi. Ndinagwirapo pa kampani ina pamene mwini pulojekiti anafuna kuti tichepetse manambala a magalimoto mu lipoti kuti asalipire zokulitsa mphambano, bwana wanga anandiitana n'kundiuza kuti ndingokonzako pang'ono. Ndinakana, miyezi yotsatirayo inali yowawa mpaka ndinachoka, koma siginecha yanga sinapite pa bodza. Zimenezi mudzakumana nazo, konzekeranitu mtima.

Wophunzira_Civil

Zikomo kwambiri nonse, amayi nkhani ya kanjira ija yandikhudza zedi. Ndifunsenso, masofutiweya mwatchulawa laisensi yake wophunzira sangaikwanitse, ndiyambire pati kuti pa intavyu ndidzakhale ndi choonetsa? Komanso ena akuti AI ndi magalimoto odziyendetsa okha adzathetsa ntchitoyi, pali choona?

Mkulu_wa_Maloboti

Yamba ndi zaulere mphwanga. SUMO ndi pulogalamu ya simulation yaulere yochokera ku bungwe la kafukufuku la DLR ku Germany, QGIS ya mapu ndi yaulere, mapu a OpenStreetMap aulere, Python nayonso, ndipo kampani ya PTV ili ndi pulogalamu ya simulation ya Vissim ya ophunzira imene ili ndi malire koma pophunzirira imakwana. Tenga mphambano yako yomwe ija. Werenganso masiku atatu a m'kati mwa sabata, yeza cycle ndi wotchi ya pafoni, lemba kutalika kwa mzere pa mphindi 15 zilizonse, kenako uimange mu SUMO mpaka mzere wa pakompyuta ufanane ndi umene unauona ndi maso. Pamenepo ndi pamene ambiri amagwera, amathamangira kuonetsa timagalimoto tikuyenda pa sikirini modelo isanafanane ndi zenizeni. Ikafanana ndiye uyese kusintha ma timing, uyesenso raundabauti, osaiwala oyenda pansi monga anenera amayi aja, ulembe masamba asanu omveka. Ine pa intavyu wobwera ndi zimenezi ndimamutenga msanga kuposa wa magiredi okhaokha.

Za AI usade nkhawa. Maloboti osintha okha nthawi malinga ndi kuchuluka kwa magalimoto alipo kuyambira kalekale, SCATS ya ku Sydney ndi SCOOT ya ku Britain akhala akugwira ntchito zaka zoposa 40, ndipo sanachotse injiniya, anangoonjezera ofunika kuwaika, kuwakonza ndi kuwayang'anira ma detector, tizipangizo tozindikira magalimoto, akafa. Makamera akuwerenga okha magalimoto tsopano, zoona, ndiye ntchito yoima ndi kilipibodi ikuchepa, koma wofunika kuona kuti kamera yasokoneza minibasi ndi lole akadali munthu. N'chifukwa chake Python uiphunzire chaka chino chomwe. Ukamaliza kuwerenga kwa masiku atatu kuja uike manambala ako pano tidzaonere limodzi cycle yake.