Thandizeni: nthawi ikusokonekera pa ma hub magetsi akazima

Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Tikusonkhanitsa deta ya kugunda kwa mtima kuchokera ku timasensa tovala pamkono. Timasensato timatumiza deta kudzera pa Bluetooth Low Energy kupita ku ma hub (timakompyuta tolandira deta) a Raspberry Pi 4, kenako ma hubwo amaipititsa ku seva ya Ubuntu kudzera pa MQTT, njira yotumizira mauthenga pakati pa zipangizo. Tikugwiritsa ntchito Mosquitto, pulogalamu yolandira ndi kugawa mauthenga a MQTT, pa port 1883.

Vuto lagona pa nthawi. Pi 4 ilibe wotchi yoyendera batire, ndiye magetsi akazima n'kuyakanso intaneti isanabwere, hub imayamba kulemba deta ndi nthawi yolakwika. Munthu mmodzi akachoka pafupi ndi hub ina kupita pa ina, deta yake sikulumikizana bwino. Zimenezi zikundidetsa nkhawa kwambiri chifukwa ndi nkhani ya umoyo wa anthu.

Kodi ndigulire hub iliyonse DS3231 (kawotchi koyendera batire), kapena ndiike chrony (pulogalamu yogwirizanitsa nthawi) pa seva kuti ma hub onse azitengera nthawi pomwepo? Nanga seva ikachedwa kuyaka kuposa ma hub, zimatha bwanji?

Chinanso, Wi-Fi ikaduka kwa maola angapo, QoS 1 (njira ya MQTT yotumizanso uthenga mpaka utalandiridwa) payokha ingakwanire, kapena hub iziyamba yasunga zonse mu SQLite (nkhokwe ya deta ya pa hub pomwepo)? Amene munazichitapo, chonde ndiuzeni zomwe zinakuyenderani.