Lumina SS yanga: klatchi ikuterereka, ekizozi yamangidwa ndi waya, ndiyambire pati?

Mbewe wa ku Chilenje:

Akuluakulu, ndabwera ndi nkhani ya galimoto imene yandisowetsa tulo kuyambira Epulo. Ndi Chevrolet Lumina SS ya 2008, ija ya injini ya V8 ya malita 6.0 ndi giyabokosi ya pamanja ya magiya 6. Ndinaigula kwa mlimi wina wa ku Chisamba amene anaitenga ku South Africa kalekale n'kuiiwala m'shedi pambali pa thirakitala, nkhuku zikuikira mazira pansi pake. Kwa amene simuidziwa, ndi Holden Commodore ya ku Australia imene anangoimata chizindikiro cha Chevrolet, n'chifukwa chake chiwongolero chili kumanja ngati magalimoto athu onse. Pa pepala amati imatulutsa 270 kW ndi 530 Nm. Ndati pa pepala chifukwa yangayi mphamvuzo zikuthera m'njira, kumatayala sizikufikako.

Sabata yatha tinkapita ku ukwati wa mlamu wanga ku Mazabuka. Pokwera mapiri a Munali ndinafuna kupitirira thiraki, ndili mu giya 4. Nditaponda mafuta, singano ya revu inalumpha kuchoka pa 2500 mpaka 4000, injini ikubangula, koma galimoto ili pa liwiro lomwe lija ngati munthu wothamanga m'matope. Ndinabwerera kumbuyo kwa thirakiyo mwamanyazi. Kenako fungo lopserera lija linadzaza m'galimoto. Mayi akunyumba anangotsitsa galasi osanena kanthu, ndipo bola akanandikalipira.

Vuto lina, ndikasintha giya injini ili pamwamba, chopondera cha klatchi chimatsalira pansi mpaka ndichikoke ndi nsonga ya nsapato. Mafuta a m'kabotolo ka klatchi ali bii ngati tiyi wa dzulo.

Za ekizozi ndiye zoseketsa. Sailensa ya kumanzere inadyedwa ndi dzimbiri ndipo mwini wakaleyo anaimangirira ndi waya wa mpanda. Pakati pali chigamba chowotcherera ndi ndodo wamba, ngati cha pa geti. M'mawa injini ikakhala yozizira pamamveka ka tiki tiki kumbali ya dalaivala, kamasiya ikatentha.

Mnyamata wina wogulitsa zipangizo akundikakamiza klatchi ya ceramic ya mabatani 6, akuti ndi "stage 3", sidzatererekanso mpaka ine kufa. Ekizozi ndikufuna kupangitsa yatsopano yonse, mapaipi awiri a mainchi 3, opanda sailensa ya pakati, kuti ndikamatsika flyover ya Makeni anthu azidziwa kuti V8 ikudutsa. Galimotoyi ndi imene ndimapita nayo ku ntchito masiku atatu pa sabata, kuchokera ku Chilenje kupita ku Mumbwa Road muno mu Lusaka. Ndiyambe ndi chiyani, ndipo ndigule ziti?

Madala wa Sipanala, Matero:

Mphwanga, ya mabataniyo isiyeni m'shopu momwemo. Ndagona pansi pa magalimoto zaka zoposa 30 ndipo klatchi zimenezi ndazichotsa zambiri kuposa zimene ndinaika. Klatchi ya ceramic ilibe pakati, imagwira ngati msampha wa mbewa. Pa mpikisano ndi yabwino. Koma inu popita ku Mumbwa Road mumadutsa Lumumba Road, pakati pa mathiraki ndi maminibasi, kuyenda mita imodzi n'kuima. Pamenepo galimoto izingonjenjemera ponyamuka, izikuzimirani pa maloboti, ndipo flywheel, chimbale cha injini chimene klatchi imagwirapo, izidyeka ngati sopo. Injini yanu sinasinthidwe kalikonse, ndiye 530 Nm imeneyo klatchi yolimba ya organic, ya mtundu umene umakhala m'magalimoto wamba, ikuikwanitsa bwinobwino. Ambiri a injini za LS, banja la ma V8 limene yanuyi ilimo, amaika klatchi ya LS7, ija ya Corvette Z06, koma imabwera ndi flywheel yakeyake, musasakanize ndi yakaleyo. Ngati thumba likulola, ya ma disc awiri a organic imagwira kwambiri koma chopondera chili chofewa.

Tsopano mvetsani apa, chifukwa ndi pamene anthu amalirira. Slave cylinder, imene imakankha klatchi mukaponda chopondera, pa galimoto imeneyi ili m'kati mwa bell housing, chigoba cholumikiza injini ndi giyabokosi, ndipo inazungulira shafti ya giyabokosi. Ikatayikira, giyabokosi yonse itsikenso. Ndiye musamvere makaniko amene angakuuzeni kuti yakaleyo ikadali bwino. Ikani yatsopano, ndipo muiikire kapaipi kotalika kotulutsira mpweya kuti muzisintha mafuta a klatchi osavutika. Kutsalira pansi kwa chopondera kuja nthawi zambiri ndi mafuta akudawo: fumbi la klatchi limalowa, mafuta amatentha n'kuwira. DOT 4 yatsopano, ndipo muziisintha ikangoyamba kuda. Musanamange giyabokosi, makaniko ayeze mpata pakati pa release bearing ndi zala za pressure plate. Akangomanga osayeza, mwina magiya azikana kulowa, mwina klatchi yatsopanoyo iyambanso kuterereka mwezi usanathe.

Flywheel ikachoka, yang'anani silo ya kumbuyo kwa crankshaft. Ndi yotsika mtengo, sinthani. Pilot bearing, kaberingi ka m'bowo la kumapeto kwa crankshaft, nayonso. Koma chonde chonde, wina asayese njira yathu yakale ija yothira girisi m'bowo n'kukhoma ndi chitsulo kuti beringi ituluke. Pa injini za LS kuseri kwa beringiyo kuli kachitsekero kongokhomera m'kati mwa crankshaft. Mukakhoma girisi kamalowa m'kati, oilo n'kuyamba kutulukira pa klatchi yanu yatsopano. Ndinaziona ndi maso anga pa galimoto ya munthu wina, mnyamata wanga ndi amene anakhoma, ndipo ndalama ya klatchi yachiwiri inatuluka m'thumba mwanga. Gwiritsani chokokera beringi.

Mabawuti a flywheel amamangidwa katatu modumphadumpha: 20 Nm, 50 Nm, kenako 100 Nm, ndi mankhwala omatira ulusi. Makaniko wopanda torque wrench asakhudze. Mukamaliza, makilomita 800 oyamba muyende m'tauni mofatsa. Apa pokha jamu ya Lusaka ndi mnzanu.

Mayi Zulu Owotcherera, Kalingalinga:

A Mbewe, yambani ndi klatchi monga anenera madalawo, chifukwa potsitsa giyabokosi mapaipi a pakati amachoka ndithu. Mukayamba ndi ekizozi mudzabwera kwa ife kawiri.

Mainchi 3 awiri pa injini yosasinthidwa n'kungotaya ndalama. Awiri a 2.5 akukwanira, ndipo chimene simunachiganizire ndi mahampu. Lumina ndi yotsika kale. Hafu ya inchi imaoneka yaing'ono pa tepi, koma pa hampu ya mu Kabwata, anthu anayi ali m'galimoto, ndi imene imasiyanitsa kudutsa ndi kukhula pansi. Ine ndikamapanga ndimayezera galimoto itaima pa matayala ake pamwamba pa dzenje, osati ikulendewera pa jeke, ndipo ndimaikamo matumba awiri a simenti kumbuyo kuti ndione pamene paipi yafika.

Funsani owotcherera anu mafunso awa musanawapatse dipoziti. Makona awatenga kuti? Makina opindira amene ali m'magaraja ambiri amafinya paipi pa kona, ya 2.5 imasanduka ngati ya 2 pamalo pomwe utsi ukufuna njira. Gulani makona opindidwa kale ndi mandrel, makina opinda osafinya paipi, iwo azingodula n'kulumikiza. Chitsulo chake ndi chiti? Pitani ndi maginito m'thumba. Stainless ya 409 imagwira maginito, imachita dzimbiri la pamwamba koma imakhalitsa, ndipo ndi yotsikirapo mtengo. Ya 304 pa paipi yowongoka siigwira kwenikweni, ndi yowala, ndi yodula. Zonse ndi zabwino, choipa n'kulipira ya 304 n'kupatsidwa ya 409. Awotcherera ndi chiyani? Stainless imafuna TIG (kuwotcherera kwa magetsi kogwiritsa ntchito mpweya wa argon), waya wa 308L ngati ndi 304, ndi argon m'kati mwa paipi pamene akuwotcherera kunja. Popanda argon m'katimo msoko umatuwa n'kuchita timibulu ngati shuga wopserera, ndipo ndi pomwe umadzang'ambikira. Uzani munthuyo akuonetseni m'kati mwa chidutswa chimene anawotcherera kale. Akayamba kuseka, nyamukani. Muwerengerenso za magetsi, chifukwa akathima TIG pa kajenereta kakang'ono siyenda bwino, ndiye ntchito ya masiku atatu ikhoza kutenga sabata.

Asawotcherere ekizozi yonse kukhala chinthu chimodzi. Pakhale ma flange kapena V-band kuti tsiku lina giyabokosi idzatsike popanda girayinda. Zopachikira zikhale pa mphira, osati chitsulo pa chitsulo. Mabowo a masensa a okosijeni aziloza m'mwamba pang'ono kuti madzi a m'paipi asamakhale pa sensa.

Pakati ikani H kapena X yolumikiza mbali ziwirizo. H imapereka kugunda kokhuthala kwachikale kuja, X imalira mosalala komanso mokwera. Kwa mmene mwalankhulira, inu ndi wa H.

Ka tiki tiki ka m'mawa kaja ndikuganiza kuti ndi bawuti ya manifold (potulukira utsi pa injini) yothyokera m'hedi, matenda a injini zimenezi. Hediyo ndi ya aluminiyamu, asaibowole mwachisawawa. Timawotcherera nati pa chotsaliracho n'kuchipotokola.

China, pamene akudula ekizozi yakale mukhalepo. Ma catalytic converter, aja oyeretsa utsi, ali ndi msika chifukwa cha platinamu wa m'katimo, ndipo amakonda kusowa pa nthawi ya nkhomaliro.

Tembo wa pa Great East:

Ine ndingokuuzani zimene zinandionekera, akulu. Ndinachotsa sailensa ya pakati pa V8 yanga ndi maganizo anu omwewo. Sabata yoyamba ndinali mfumu. Kenako kunagwa maliro ku Chipata, ndinanyamula amayi ndi azakhali awiri. Mu giya yomaliza, revu ili pakati pa 1500 ndi 2000, m'galimoto munkangomveka wuuu wosalekeza, wolowa m'mano. Tisanafike pa mlatho wa Luangwa azakhali anali atamanga chitenje kumutu, ndipo pobwerera onse atatu anakwera basi. Ma resonator, masailensa a pakati aja, akhalepo ndithu. Kunja imamvekabe, m'kati mumatha kucheza.

Kamwendo LS:

Ndikugwirizana ndi madala pa zonse kupatula chimodzi. Ngati a Mbewe akuganiza zodzaika camshaft yaikulu chaka chamawa, agule ya ma disc awiri lero lomwe, asalipire ntchito yotsitsa giyabokosi kawiri. Aliyense amene ndimamudziwa ananena kuti "ine ndi ekizozi yokha basi", ndipo palibe amene anaimira pomwepo.

Pa ma header, mapaipi oikidwa m'malo mwa manifold, samalani ndi za pa intaneti. Galimoto yomweyi ku America inkagulitsidwa ngati Pontiac G8, koma chiwongolero chake chili kumanzere. Ma header a G8 akhoza kugundana ndi shafti ya chiwongolero chanu. Funani olembedwa kuti Commodore VE kapena Lumina SS. GM (General Motors), kampani ya Chevrolet ndi Holden, inachoka ku South Africa kumapeto kwa 2017 ndipo fakitale ya Holden ku Australia inatsekedwa chaka chomwecho, ndiye zinthu za bodi n'zosowa, koma za injini ndi klatchi zili mbwee chifukwa LS ili paliponse.

Musayembekezere zozizwitsa. Lusaka ili pamtunda wa mamita oposa 1200 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya ndi wopepuka, ndipo injini yopanda turbo imataya mphamvu yoposa gawo limodzi mwa magawo 10 poyerekeza ndi ku Durban. Ekizozi siingabweze zonsezo. Mukaika ma header aatali, kompyuta ya injini iyenera kuchunidwa, apo ayi mwangogula phokoso. Mukachotsa ma catalytic converter nyale ya injini iyaka, utsi uzinunkha petulo, komanso galimotoyo ikufunikabe kukapimidwa fitinesi ku RTSA, bungwe loona za pamsewu. Ine anga sindinawachotse.

Madala wa Sipanala, Matero:

A Kamwendo, munthuyu ekizozi yake yamangidwa ndi waya wa mpanda, inu mwayamba kale za camshaft?

Mbewe wa ku Chilenje:

Zikomo nonse, makamaka madala ndi Mayi Zulu. Ndabwera kudzapereka lipoti. Giyabokosi tinatsitsa Loweruka. Disc inali itadyeka mpaka pa marivet, flywheel ili ndi mawanga abuluu ndi timing'alu ting'onoting'ono ngati chidendene cha m'chilimwe, ndiye za kuipala taziiwala. M'kati mwa bell housing munali phala lakuda la fumbi ndi mafuta, slave cylinder inali itayamba kale kudontha. Makaniko wanga atatenga chitini cha girisi kuti achotse pilot bearing ndinamugwira dzanja n'kumuwerengera zimene munalemba, madala. Anakwiya pang'ono, koma anapita kukabwereka chokokera.

Ndaitanitsa ya organic ya disc imodzi pamodzi ndi flywheel yake, slave yatsopano, silo ndi kapaipi kotulutsira mpweya. Zikubwera pa basi kuchokera ku Johannesburg, akuti Lachinayi. A Kamwendo, za camshaft musazitchulenso, foni imeneyi mayi akunyumba amaigwiranso.

Ma header ndawasiya kaye. Ekizozi ikhala ya 2.5 awiri, 409, ya H, ma resonator awiri, ma catalytic converter akale abwerera pamalo pake, pakadali pano ndawatsekera m'chipinda chogona. Bawuti ya manifold inalidi yothyoka, osati imodzi koma awiri, onse a kumbuyo kwenikweni pafupi ndi bodi. Yoyamba yatuluka ndi nati yowotcherera ija. Yachiwiri inathyokera m'kati ndithu, mwina mamilimita 3 pansi pa nkhope ya hedi, ndipo nati yakana kugwira katatu konse. Mayi Zulu, pamenepa timachita kuunjika chitsulo pang'onopang'ono ndi TIG mpaka chitulukire kunja, kapena ndivomere kuti hedi ichoke?