Spotting scope ya pa mamita 100: ndigule ya 60 kapena ya 80?

Mwale wa ku Chelstone:
Akuluakulu, ndimaphunzira kuwombera chandamale ndi mfuti ya .22, koma pa mamita 100 sinditha kuona pamene chipolopolo chaboola pepala, choncho ndimayembekeza mpaka woyang'anira bwalo atalamula kuti tonse tileke kuwombera. Ndapeza ma spotting scope awiri (zipangizo za magalasi zoonera zinthu zakutali), ina ya 20-60x60 ndi ina ya 20-60x80 yomwe ndi yodula kwambiri. Kodi kusiyanaku n'koyenera ndalama zowonjezerazo?

Tembo:
A Mwale, 20-60x ikutanthauza kuti imakulitsa zinthu kuyambira ka 20 mpaka ka 60, ndipo nambala yomalizayo ndi kukula kwa galasi lakutsogolo m'mamilimita. Mukaikweza mpaka pa 60x, ya 60 imangofikitsa m'diso kuwala kopyapyala kwa milimita 1, pamene ya 80 imafikitsa pafupifupi 1.3, n'chifukwa chake yaing'onoyo imachita mdima dzuwa likapendeka. Komabe bowo la .22 ndi la mamilimita pafupifupi 5.6, ndipo masana ya 60 ya galasi labwino imalionetsa pa mtunda umenewo. Ine ndikanagula ya 60, zotsalazo n'kugulira tripod yolimba (miyendo itatu yoimikapo scope), pakuti miyendo yogwedera imawononga ngakhale galasi lodula, makamaka mu Ogasiti pamene mphepo ya muno mu Lusaka imawomba ndi fumbi.

Mayi Banda:
Ndikugwirizana ndi a Tembo, koma asiya nkhani ya kutentha. Mu Okutobala nthaka ikapsa, mpweya wa pakati pa inu ndi chandamale umanyezimira ngati madzi, ndipo mukakweza mphamvu mukukulitsanso kunyezimirako, mabowo n'kusowa. Tsitsani pa 30x kapena 40x, mudzaona bwino koposa. Kunyezimirako sikopanda ntchito ayi: mukabweza fokasi pang'ono kuti igwere pakati pa bwalo, mafundewo amasonyeza kumene mphepo ikulowera, ndipo akamangokwera m'mwamba ndiye kuti mphepo ya m'mbali yaleka. Sankhaninso yoyang'anira mopendeka, kuti mukamawombera chogona mungotembenuza mutu osasuntha zigongono.

Mwale wa ku Chelstone:
Zikomo kwambiri, amayi. Nanga mabowo a pakati pakuda pa chandamale paja, amene amavuta ngakhale pa mamita 50?

Mayi Banda:
Amenewo amaoneka kuwala kukamadutsa kumbuyo kwa pepala, choncho dulani katoni yomwe mumamatapo chandamale pamalo a pakatipo, kapena gulani mapepala aja osintha mtundu pozungulira bowo. Ndipo anthu akapita kukasintha mapepala, yang'anani ndi spotting scope yokha, osati ndi scope ya pa mfuti, ngakhale mfutiyo ilibe chipolopolo.