Zotsala pa maliro a aNaphiri: tichite nazo chiyani?

Mlembi: Madzulo abwino nonse. Ana a malemu aNaphiri andiimbira lero kuchokera ku Leicester, ku UK. Akuti atalipira ndege, bokosi ndi zonse za maliro, pa ndalama zomwe anthu anasonkha patsala mapaundi 2,400. Agwirizana kuti asagawane. Akufuna zibwere ku gulu lathu, tichitire chinthu kumudzi chokumbukira mayi awo. Chinthu chake sananene, atisiyira ife. Maganizo anu.

Mkulu wa mpingo: Ambuye alemekezeke chifukwa cha ana amenewa. Kwa ine palibe chovuta apa. Denga la tchalitchi likudontha mbali ya amayi, komwe malemu ankakhala asanapite kunja. Tigule malata.

aNgozo (Joni): Pepani a Mlembi, mwati zibwere ku gulu liti? Lomwe lino?

Mlembi: Lomwe lino achimwene.

aNgozo (Joni): Ndiye tisanafike pa malata wina andiuze kaye komwe kunapita matumba 40 a simenti ya mlatho. 2019 imeneyo. Ife kuno tinasonkha marandi, ena akulima maluwa m'mayadi a eni ake, ena akugona asanu chipinda chimodzi. Ndinabwera pa Khirisimasi, ana akuwolokabe pa mitengo iwiri ija. Lero mukufuna thukuta la mayi wakufa tiliponye m'thumba lobooka lomwelo?

Msungichuma: aNgozo, nkhani imeneyi tinakambirana pa msonkhano wa ku Area 25 ndipo inatha. Simenti inanyowa m'chipinda chomwe tinasungiramo, inagwirana yonse. Komanso nthawi imeneyo msungichuma sindinali ine.

aNgozo (Joni): Munali wachiwiri wake. Matumba 40 onse kunyowa, chaka chomwecho khonde la munthu wina kusanduka la simenti. Mvula yake yodziwa kusankha.

Msungichuma: Tchulani dzina ngati muli ndi umboni.

aNgozo (Joni): Khondelo lili pa msewu, aliyense amaliona.

aNajere (Dedza boma): Abale inu, pamanda dothi silinaume. Tiyeni tichite manyazi.

Aphunzitsi: Ine ndikanakonda madzi. Mjigo wa kumtunda unafa kalekale, amayi abwerera kudambo. Ndipo sikuti pakufunika kukumba wina. Mjigo wa mtundu wa Afridev ngati umenewu sulira zambiri, ndi marabala, mabushi, mwina ndi ndodo zingapo. Chinapha mjigo uja si chitsulo ayi, ndi komiti yomwe inasiya kutolera ndalama za pamwezi. Kukonza kungadye pang'ono chabe, zotsalazo tione china.

aNgozo (Joni): Komiti ya mjigo wapampando wake ndi mlamu wa ndani? Yankhani nokha.

aNabanda (Leicester): Ndimangowerenga, koma ndilankhuleko poti ine ndi amene ndakhala nawo mayiwa kuno. Ambiri mumawadziwa akamabwera ndi masutikesi, simunawaone akuweruka.

Anabwera 2003, ine ndinawapeza. Zaka zonsezi ntchito yawo inali imodzi, ya keya, m'nyumba yosungira okalamba. Usiku, 8 koloko mpaka 8 koloko m'mawa. Kusambitsa nkhalamba, kuzisintha matewera, kuzidyetsa ndi supuni, kuzitembenuza pabedi maola awiri alionse kuti zisachite zilonda. Msana uja munkawaona akuugwira pa ukwati wa mdzukulu wawo unathera pamenepo. Nthawi ya Covid mu 2020 anzathu ena anasiya ndi mantha, iwo anapitabe, shuga ali naye. Abale a odwala sankaloledwa kulowa, ndiye munthu akamatsirizika amene ankamugwira dzanja anali aNaphiri. Ankaimba chapansipansi nyimbo za m'buku lathu la ku Nkhoma, m'Chichewa, mzungu asakumva kanthu. Atamwalira, ana a nkhalamba zina zomwe anazisamalira anabwera ku mwambo wa kuno, ndipo gawo la ndalama mukukanganiranazi ndi lawo.

Loweruka pabalaza pawo pamakhala mapemphero. Yunifomu ya Chigwirizano anabwera nayo, ankaisita ngakhale kuno kulibe woti awaone. Atsikana aja anabwera ndi viza ya keya 2022 ndi 2023, ena kufika kuno n'kupeza amene anawaitana alibe ntchito yowapatsa, ambiri anagona pa kapeti ya aNaphiri. Sanalipiritsepo munthu.

aNajere (Dedza boma): Mayi anali apemphero amenewa. Misozi ikutuluka.

aNabanda (Leicester): Koma chomwe ndikufuna mumve ndi ichi. Kuntchito kwawo ambiri anali odwala matenda oiwalaiwala, dementia. Gogo amadzuka usiku, kuvula zovala, kutuluka panja kufunafuna mwamuna wake amene anafa kalekale. Kuno amamutenga bwinobwino, kumufunditsa, kumupatsa tiyi. aNaphiri ankati, “NaBanda, ameneyu akanakhala kwathu bwenzi akuti wagwa pa ndege ya ufiti.” Zinkawapweteka kwambiri. Ankati ndasambitsa amayi a eni ake zaka makumi awiri, a kwathu akugona ndi njala. Ndiye ine ndikuti ndalamazi zipite kwa agogo a m'mudzi. Mabulangete Juni asanafike, mukudziwa kuzizira kwa Dedza. Kufolera nyumba za amene alibe owafolerera. Ndipo amayi a Chigwirizano angapo aphunzitsidwe kasamalidwe ka munthu wogonera pamphasa, ife kuno tikhoza kuthandiza ngakhale pa foni.

Mkulu wa mpingo: Zomveka mayi. Koma malemu anali munthu wa Mulungu, ngati Dorika wa pa Machitidwe 9. Chikumbutso chawo chiyenera kukhala pa nyumba ya Mulungu.

Aphunzitsi: Akulu a mpingo, werengani bwino mutuwo. Amasiye aja anaonetsa Petro zovala zomwe Dorika anasoka. Za denga mulibemo.

Mkulu wa mpingo: Aphunzitsi, inu munasiya kubwera ku mgonero chaka chiti?

Aphunzitsi: Imeneyo ndi nkhani ya ine ndi abusa.

aMbewe (Blantyre): Ndikumbutseko kuti gulu lino si la CCAP. Ife Akatolika tinasonkha nawo, a Chisilamu awiri aja anasonkhanso. Denga lanu likonzedwe ndi chopereka chanu. Ife lathu tinapanga pepala Sande katatu mpaka linatheka.

aNgozo (Joni): Achemwali aNabanda, mwalankhula zogwira mtima ndipo ndikukulemekezani. Koma mabulangete ayi. Ndikuuzeni mmene zidzathere. Mayina adzalemba ndi anyakwawa. Pa mndandanda padzapezeka “agogo” a zaka 38. Bulangete lenileni lidzapezeka pa msika wa Chimbiya Loweruka lotsatira. Chaka chamawa mudzafunsa kuti chikumbutso cha aNaphiri chili kuti, adzakulozerani mphepo. Simunaone mmene mayina a Mtukula Pakhomo amavutira? Ine ndikufuna chinthu choti ndikatsika basi ndichione ndi maso, ndichigwire ndi dzanja, pakhale ndi dzina. Mukufuna za odwala? Chabwino. Timange chitando cha magadiyani pa chipatala chathu chaching'ono chija. Panopa odikirira odwala amaphika pansi pa mtengo, mvula ikagwa amathawira pa khonde la wodi. Mayi wosamalira odwala akumbukiridwe ndi nyumba ya osamalira odwala. Koma ndalama isadutse m'manja mwa komiti ino. Tilipire ku sitolo mwachindunji, lisiti lijambulidwe liponyedwe pano.

aNajere (Dedza boma): Apa ndiye mwanena zanzeru aNgozo, kupatula kumapetoko.

Wachinyamata: Makolo anga, ndilowererepo pang'ono. Chitando pa malo a chipatala simungangoyamba kukumba. Zimadutsa ku komiti ya chipatala, ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC), ya m'dera (ADC) mpaka kwa akuluakulu a zaumoyo pa boma. Komanso pa zomanga ngati zimenezi njerwa zootcha zinaletsedwa, pafunika mabuloko a simenti. Mapaundi 2,400 angafike pa lintala, osapitirira. Tidzakhala ndi chigumula china pafupi ndi maziko a mlatho.

aNgozo (Joni): Iwe unasonkhapo zingati chilowereni muno?

Wachinyamata: Ndili pa sukulu amalume.

aNgozo (Joni): Ndiye uziwerenga.

aNabanda (Leicester): Mwanayo wanena zoona, musamuopseze.

Wachinyamata: China n'chakuti ndalamazo zikhale kaye m'mapaundi mpaka titagwirizana. Mukukumbuka Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti? Ndalama za mayunifomu a timu zinali mu akaunti, tinadzuka zikugula theka.

Msungichuma: Malamulo a gulu amati ndalama iliyonse ilowe mu akaunti ya gulu ku banki, osayinira atatu.

aNgozo (Joni): Pa mtengo wa ku banki? Aliyense muno akudziwa kuti kunja paundi ikugulidwa mokwera kwambiri. Ndiye wina adzasinthe kunja, ife adzatiwerengere wa ku banki, chapakatipo chilowe m'khonde lina.

Msungichuma: A Mlembi, ngati munthu uyu sabweza mawu amenewa ine nditula pansi udindo usiku uno. Ndatumikira gulu lino popanda ngakhale ya mayunitsi.

Mlembi: Tiyeni tonse tidekhe. Ndipo pano sitikambirana zosintha ndalama kunja kwa banki, gulu lino lili ndi anthu 86.

Aphunzitsi: Ndibwerere kwa aNabanda, chifukwa mfundo yawo yakwiriridwa. Zomwe ankanena malemu si za kutali. Gogo uja wa kutsidya anamugwetsera nyumba chaka chapitacho, tonse tikudziwa, ndipo muno munali zii. Lamulo la ufiti la 1911 likadalipo, ndipo limati kumunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Nyumba ya malamulo inavomerezanso lamulo loteteza achikulire mu 2024. Koma lamulo silifolera nyumba. Gogo ameneyo mpaka lero akugona m'khitchini mwa mdzukulu wake.

aNgozo (Joni): Aphunzitsi samalani. Mukudziwa kuti anyamata aja ena ndi a kubanja kwathu. Munali pomwepo? Mwana anamwalira mosadziwika bwino, anthu anali ndi ukali.

Aphunzitsi: Mwana anamwalira ndi malungo, kadi la kuchipatala lilipo. Inu mumafuna malisiti a simenti, a imfa ya mwana simuwafuna?

aMbewe (Blantyre): Eeee.

aNajere (Dedza boma): Zafika patali izi. A Wapampando muli kuti?

Mlembi: Ndamulowetsa mwana wamkulu wa malemu, anapempha kuti alankhuleko. Chonde tisamale malankhulidwe.

Mwana wa malemu: Moni makolo anga nonse. Zikomo chifukwa cha mmene munatigwirira dzanja, kuyambira pa bwalo la ndege la Kamuzu mpaka kumanda. Ife sitikusankhirani. Ndingonena zomwe tapeza. M'Baibulo la amayi munali kakope. Muli mayina 11 a agogo a kumudzi, ena anafufutidwa n'kulembedwa tsiku lomwe anamwalira. Mwezi uliwonse amayi ankatumiza ndalama pa Mukuru zoti agogowa agulire sopo, mchere ndi shuga. Ife sitinkadziwa. Wolandira ndi kukagawa, malinga ndi kakopeka, anali a Msungichuma. Kuyambira 2016. Gogo wogwetseredwa nyumba mukumunenayo ndi wachitatu pa mndandanda.

aNabanda (Leicester): Ngakhale ine sanandiuzepo.

Msungichuma: Anandiletsa kunena. Ankati dzanja lamanzere lisadziwe. Mwezi uno agogo awiri andifunsa kale ngati sopo abwere, ndasowa chowayankha.

Mkulu wa mpingo: Ambuye atikhululukire.

aNgozo (Joni): Mwanawe pepa kwambiri, mayi ako anali mayi wa tonse. Pa ukwati wanga anandigulira suti ndi iwowo. Koma poti zaululika, a Msungichuma, agogowo ankasayinira akalandira?

aNajere (Dedza boma): aNgozo!!

aNgozo (Joni): Ndangofunsa. Kufunsa ndi mlandu? Munthu akhoza kukhala wokhulupirika pa sopo n'kukhala wina pa simenti.

Msungichuma watuluka m'gulu.

Mlembi: Taonani tsopano. Ndipo mabuku onse a gulu ali ndi iwowo.

Wachinyamata: Tikati tipitirize kakope ka malemu, mapaundi 2,400 angasamale agogo otsalawo zaka zingapo. Palibe simenti, palibe VDC.

aNgozo (Joni): Zikadzatha zaka zingapozo? Chitando chidzakhalapo ife tonse titapita.

aMbewe (Blantyre): Bwanji theka chitando theka agogo?

Aphunzitsi: Theka la chitando ndi chiyani aMbewe, makoma opanda denga? Nanga mjigo mwautaya?

Mkulu wa mpingo: Ngati denga lakanika, mwina tigule mabenchi asanu okha tilembepo dzina.

Wapampando: Pepani abale, ndinali kumunda kopanda netiweki, ndapeza mauthenga 140. A Mlembi, abwezereni a Msungichuma, ndiwaimbira ndekha. Nkhaniyi sitingaimalize polemberana. Tikumane pa foni Loweruka 7 koloko madzulo.

aNabanda (Leicester): 7 ya kwanu ine ndimakhala ndikukonzeka kupita ku shifiti. Lamulungu masana bwanji?

Mkulu wa mpingo: Lamulungu masana kuli msonkhano wa madikoni.

aNgozo (Joni): Tsiku lililonse ine ndilipo. Koma mfundo yoyamba pa ajenda ikhale simenti. Ikapanda kukhalapo musandiwerengere, ndipo a kuno ku Joni tonse 14 tiimika zopereka za pamwezi.

aPhiri (Cape Town): Musatiyankhulire tonse achimwene, ena sitinafunsidwe.

Mlembi: A Msungichuma sakuyankha foni.

aNajere (Dedza boma): Amene ali ndi galimoto yopita ku Lilongwe mawa andithandize, ndili ndi matumba atatu a kachewere.