Mpunga ukuyenda koma mpamba ukuchepa

Mayi wa pabenchi, msika wa Zomba: Anzanga ndithandizeni, mutu waima. Thumba la mpunga wosapuntha la makilo 50 ndikupikula ku Jali pa K58,000. Ndikagawa, kilo ikundigwera K1,160. Ndikugulitsa K1,900. Mpunga ukuyenda ndithu, koma pofika Loweruka ndalama yokapikulira thumba lina sikukwana. Ikulowera kuti?

Mchemwali wa ku Chinamwali: Amayi, makilo 50 amenewo ndi a mankhusu omwe. Mukachoka kuchigayo mumayezanso?

Mayi wa pabenchi: Dzulo ndinayeza, anatuluka 32. Ndimangoti achigayo andibera.

Bambo wagolosale ku Matawale: Sanakubereni ayi. Mankhusu ndi gaga zimadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a thumba, mpunga ndi mmene ulili. Ndiye musagawe ndi 50, gawani ndi makilo amene mukuikadi pasikelo pamaso pa kasitomala. Chigayo ndi mayendedwe mukulipira zingati?

Mayi wa pabenchi: Chigayo K3,500. Galimoto ndi kabaza wodzafikitsa kumsika K2,500.

Bambo wagolosale: Zonse pamodzi K64,000. Tigawe ndi 32, kilo ili pa K2,000. Inu mukugulitsa K1,900, ndiye kilo iliyonse mukumupatsa kasitomala K100 yaulere. Thumba likamatha mwataya K3,200, osawerengera chiphaso cha msika ndi timajumbo.

Mayi wa pabenchi: Mayo ine! N'chifukwa chake anthu amadzadza pabenchi panga, ndimayesa ndi mwayi.

Mchemwali wa ku Chinamwali: Pepani mayi, tonse tinadutsamo. Ine masiku ano ndimatenga wopunthapuntha ku Songani, ka makilo 25 pa K45,000, mayendedwe K1,500. K46,500 kugawa ndi 25 ndi K1,860. Za fumbi la kuchigayo ndinaiwala.

Achimwene a ku Domasi: Chemwali, thumba lanulo munaliikapo pasikelo yanu? Ena amangosoka n'kunena kuti ndi 25. Likakhala la makilo 23, kilo yafika K2,022, mwapitirira ngakhale mtengo wa amayiwa. Komanso wopuntha wokha amadziwa chimene akugulitsa. Wogula wopunthidwa kale akhoza kupeza Kilombero pamwamba, pansi wosakaniza ndi wosweka, fungo lija osamveka mumphika.

Mchemwali wa ku Chinamwali: Mwandichititsa manyazi, ndathamangira kusikelo. Lakwana 24. Ndiye kilo ili pa K1,938, osati K1,860. Ndikadali pansi pa amayi, koma ndi K62 yokha.

Bambo wagolosale: Ndipo K62 imeneyo amayi akhoza kuibweza. Gaga musamamusiye kuchigayo, oweta nkhumba ndi nkhuku amagula. Mukamugulitsa K2,000, chotsani pa K64,000 musanagawe, kilo itsikira pa K1,938. Mwafanana.

Mayi wa pabenchi: Gagayo ndimangowasiyira anyamata a pachigayo, zaka zonsezi. Mawa ndilemba K2,300 pakatoni. Akadandaula makasitomala ndiwatumiza ku Matawale, mukawafotokozere ndinu bambo.