Mabuleki a Land Rover Series IIA ya 1968: sipuling'i ya pamwamba imakola pati?

Wofunsa: Akuluakulu, thandizeni. Galimotoyi ndi 88 (yaifupi, ya mainchesi 88 pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo) ya 1968, ili kuno ku Mangochi, ndipo ikukonzedwa kuti ikaonetsedwe ili momwe inatulukira kufakitale. Madramu ndi a mainchesi 10, mashuzi ndi masilinda zonse zatsopano. Koma pedulo ikumira mpaka pansi, imagwira ukaponda kachiwiri. Mpweya m'mapaipi a mabuleki tachotsa katatu. Vuto lili pati? Nanga penti ipite pati?

Woyankha woyamba: Achimwene, musathe fuluwidi pachabe. Chotsani dramu muone sipuling'i ya pamwamba. Pa mabuleki a mainchesi 10 amenewa, siyilumikiza mashuzi awiri ayi. Imachoka pa shuzi yotsogola (ya mbali yakutsogolo kwa galimoto) n'kukakola pa kachitsulo kotuluka pa backplate, chimbale chomwe mashuzi amakhalapo. Ya pansi yokha ndiyo imagwira mashuzi onse awiri, ndipo imakhala kuseri kwawo. Mukalumikiza onse awiri pamwamba, shuzi yotsalira imakokedwa kutali ndi dramu, pisitoni n'kubwerera mkati kwambiri. Kuponda koyamba kumangothera kukankha shuziyo, n'chifukwa chake imagwira kachiwiri. Onaninso kuti kamutu ka pa shuzi yotsogola kakukhudza snail cam, kachitsulo kosendezera shuzi pafupi ndi dramu, chifukwa ajasitala ndi mmodzi pa gudumu ndipo amasuntha shuzi imeneyo yokha.

Wachiwiri: Zoona zimenezo. Pochotsa mpweya, bwezani ma cam onse kaye, yambani gudumu lakutali ndi master cylinder, silinda ya ku pedulo. Mukamaliza, mangani cam mpaka dramu itagwira, kenako masulani pang'onopang'ono mpaka izungulire bwino. Yezaninso dramu: mainchesi 10 ndi mamilimita 254. Yodyeka kwambiri siyingagwirane ndi shuzi yatsopano.

Wofunsa: Zikomo bambo. Za penti?

Wachitatu: Backplate ikhale yakuda, osati yofiira ngati ya mpikisano. Mkati mwa dramu momwe mumakhuza shuzi musafike penti kapena girizi. Mapaipi ndi a 3/16 ya inchi, manati ake 3/8 UNF (mazinga a muyezo wa mainchesi). A metric analowa pa Series III zakumapeto, ndipo mukawakakamiza amadya mazinga a silinda. Musaikenso madramu a mainchesi 11 kutsogolo, amenewo pa chaka chimenecho ndi a 109, Land Rover yaitali, wodziwa amaona msanga.

Chomwe chimandidetsa nkhawa ndi oyilo. Breather (potulukira mpweya) ya pa axle ikatsekeka ndi fumbi, kutentha kwa kunoku kumakankha oyilo kudutsa pa seal ya hub, mashuzi atsopano n'kunyowa. Sinthani seal pamodzi ndi kolala yomwe imakhuzapo. Shuzi yonyowa oyilo ndi yotaya, musaiwotche kapena kuitsuka ndi petulo.

Wachiwiri: Ndipo fumbi la mashuzi akale musalipemerere ndi kompuresa, ambiri anali a asbestos, yomwe fumbi lake ndi loopsa kupuma. Nyowetsani, pukutani. Fuluwidi ikhale DOT 4 ya m'botolo losatsegula, chifukwa imamwa chinyezi cha kunyanja kuno ndipo masilinda amachita dzimbiri galimoto ili chiimire. Isintheni zaka ziwiri zilizonse.